Dzina Lofiira la Mayi Ok

Aliyense wonena kuti Bong Suryeon ndi mwana wamwano apite akanene zimenezo pamaso pa amake, pamzere wa nsomba mumsika waukulu wa ku Pohang, aone ngati abwereko ndi makutu onse awiri. Mwanayu alibe mwano. Nthenda yake ndi imodzi basi, kufunsa. Anayamba ali ndi zaka zisanu, atakhala pabokosi lozondotsa amake akutumbula nsomba pambali pake. Bwanji nsomba iyi maso ake onse ali mbali imodzi? Nyanjayi mwini wake ndani? Nanga mayi uyu akumwetulira pachikwangwaniyu akudziwa kuti ali pano mvula ikumukwapula? Amake ankangoti akafunse bambo ake, chonsecho bambowo ali pakati pa nyanja sabata yachitatu.

Ndiye atapita ku yunivesite ku Daegu, palibe anadabwa kumva kuti phunziro limodzi lamuchepera. Anatenga digiri yophatikiza, malamulo ndi zofalitsa nkhani. M'mawa aloweze ndime za malamulo, masana anyamule kamera. Amayi a pamzere sanaimvetse nkhaniyi. Ankafunsa amake Suryeon ngati mwanayo adzakhale woweruza kapena wa pa TV, iwo n'kuwayankha kuti adzayamba wawajambula akubera pasikelo, kenako adzawamangitse yekha.

Chaka chomaliza anapatsidwa ntchito imodzi yopita kwa aphunzitsi awiri. Apange kanema wa anthu enieni, ndipo munthu aliyense woonekeramo akhale ndi chikalata chosonyeza kuti wavomera. Aphunzitsi a zakanema aonera kanemayo, a zamalamulo awerenga zikalatazo. Nkhope yopanda chikalata isaoneke. Akagwa mbali imodzi wagwa zonse, abwereze chaka. Tsiku lopereka linali Lachisanu masana, sabata yachiwiri ya Disembala.

Suryeon anasankha gwamegi, nsomba zija amaziyanika pamphepo yachisanu ya kunyanja mpaka mafuta atayamba kudontha. Ndipo wojambula gwamegi sangawadumphe mayi Ok Geumja. Zaka makumi anayi akumanga nsomba pazingwe za mapesi a mpunga, maso ali kwina, pakamwa pakutukwana mphepo, zala zikugwira ntchito zokha. Anavomera pakamwa kuti awajambule. Za chikalata anati mawa, manja ali mafuta. Mawa lake n'kudzati mkuja.

Pakompyuta pake Suryeon anali ndi mndandanda wa anthu onse a m'kanemayo. Kusukulu kwawo chinthu chosamalizidwa amachilemba mofiira, ndipo iye dzina lake lomwe anali ataliona lili lofiira kambirimbiri akachedwa kupereka ntchito. Ndiye mayina makumi awiri ndi awiri anali akuda. Limodzi, la mayi Ok, linali lofiira, psuu.

Lolemba anabwera nayo kompyutayo kumsika kuti amayi a pamzere adzione. Anaiika pabokosi la ayisi, anthu anaunjikana, ena atanyamula mipeni m'manja. Choyamba kutseguka sanali kanema. Unali mndandanda uja. Mayi Tak, ogulitsa nkhanu, amene akhala akulimbirana malo oponyera madzi ndi mayi Ok kuyambira kalekale, ndi amene anaweramira pafupi n'kuwerenga dzina lofiiralo mokweza. Mayi Ok anapukuta manja paepuloni, chala chimodzichimodzi, n'kubwerera pabenchi pawo.

Amake Suryeon anaitseka kompyutayo ndi dzanja lamamba. "Zaka zinayi ku Daegu, wabwerako ndi chiyani m'mutumu? Munthu akupuma, iwe wamulemba ngati wakufa?"

Mwanayo ankadziwa kuti mofiira amalemba mayina a akufa okha, asakunamizeni wina. Ali wamng'ono anamenyedwapo padzanja chifukwa cholemba dzina la msuweni wake ndi krayoni wofiira. Koma chinthu ukamachiona tsiku ndi tsiku chimasiya kukuluma m'maso.

Lachiwiri m'mawa mayi Tak anayamba. Ankadutsa pabenchi pa mayi Ok atawerama mwaulemu n'kufunsa ngati malemu adzuka bwino, ndiponso ngati kumeneko gwamegi akuyenda malonda. Ena anaseka mpaka kutsokomola. Masana uthenga wa mayi Ok unafika kwa amake Suryeon: mwanayo achotse nkhope yawo, mawu awo, ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Pa mphindi makumi awiri za kanemayo, khumi ndi zinayi zinali mayi Ok.

Lachitatu Suryeon anakwera basi kupita kumene mayiwo amayanika nsomba, m'mphepete mwa nyanja, atanyamula katoni ya manachesi. Anawerama mpaka tsitsi kukhudza maondo, anapepesa. Mayi Ok sanamuyang'ane. Mtsikanayo anaima pamphepo ola lathunthu, kenako, posowa chochita ndi manja, anayamba kuwapatsira mapesi. Mayiwo anawalandira. Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo mpaka mtima wawo utatsika. Koma uyu ndi Suryeon.

"Azakhali, ndifunseko. Mukuopadi kuti mumwalira chifukwa cha zilembo zija?"

"Ine ndife ndi kompyuta yako?" anatero mayi Ok, akukoka mfundo ndi mano. "Ndinakhala ndi mwamuna wanga uja zaka makumi atatu osafa. Iwe unandipachika pamaso pa Tak ngati mwana wosalemba homuweki, chifukwa cha pepala limene sunandiwerengerepo ndi kamodzi komwe. Uli nalo? Werenga. Pang'onopang'ono, makutu anga ndi akale."

Suryeon analitulutsa n'kuyamba. Mizere iwiri yoyamba inadutsa bwino. Wachitatu unkati wosaina akulola kuti nkhope ndi mawu ake zigwiritsidwe ntchito paliponse, m'njira iliyonse, popanda malire a nthawi. Mayi Ok anaimitsa manja. Anafunsa ngati paliponse pakuphatikiza pafoni ya mpongozi wawo ku Seoul. Eya. Nanga pachikwangwani cha lesitilanti? Mwina. Nanga iwo atamwaliradi, akhala akumangabe nsomba m'mafoni a anthu? Suryeon anati inde, pepalalo likutanthauza zimenezo.

Apa ndi pamene manyazi enieni anamugwira, oposa a Lolemba. Chikalatacho anangochikopera pachitsanzo chimene ophunzira amapatsirana. Anthu makumi awiri ndi awiri anasaina ataimirira, kasitomala akudikira. Ndipo iye mwini, chaka chachitatu, analemba mayeso pa nkhani yomweyi, yoti munthu avomere chinthu chimene wachimva, n'kukhoza bwino kwambiri.

Akanatha kunena kuti mawuwo ndi a mwambo chabe, onse amalemba choncho. Ambiri akanatero, Lachisanu lili pakhomo. Iye anawauza kuti pepalalo si lamulo la boma. Mzere umene sakuufuna angathe kuukhwatcha, angathe kuonjezapo wawo, angathenso kulikana lonse iye n'kubwereza chaka, palibe angawakhudze.

Mayi Ok anamuyang'ana koyamba tsiku limenelo. Anafunsa ngati izinso anaziphunzira ku Daegu, ndipo atamva kuti inde, anati ndiye ndalama za amake sizinalowe m'madzi zonse. Anaitanitsa cholembera, chakuda. Anakhala pamulu wa mapesi n'kuyamba kulamula. Nkhope ayi, mano awo akutsogolo ndi oikirira ndipo amaoneka. Manja inde. Mawu inde, kupatula pamene anatukwana meya. Kanemayo aoneredwe m'kalasi mokha, kamodzi, kenako asadzaonekenso kwina kulikonse. Suryeon analemba zonse m'mphepete mwa pepalalo, n'kuwawerengeranso kawiri.

Kenako mayiwo anapisa dzanja m'thumba lamkati n'kutulutsa chidindo chawo chamtengo ndi kabokosi ka inki. Anadinda. Dzina lawo linatuluka lofiira psuu papepalapo. Suryeon analiyang'ana, anayesa kumeza funso, linamukanika.

"Azakhali, komatu ilinso ndi lofiira."

"Ili ndadinda ndekha. Nyamula manachesi awo uike mkati, akuuma ndi chisanu."

Lachinayi m'mawa, asanayambe kudula kanemayo, anayenda mzere wonse kuwerengera aliyense chikalata chake, benchi ndi benchi, amake akumukalipira kuti akutaya nthawi. Anthu asanu anakhwatcha mzere wachitatu. Bambo wina wogulitsa ayisi anatulukamo ndithu, anati m'kanemamo akusuta pomwe mkazi wake akudziwa kuti anasiya fodya. Mayi Tak anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa ngati angaonjeze mzere woti nkhope yawo ioneke nthawi yotalikirapo, popeza malo a malemu atsala opanda munthu. Suryeon anati lamulo silikuletsa kupempha.

Kanema amene anapereka Lachisanu anali wa mphindi khumi ndi ziwiri. Theka lake anali manja okhaokha, ong'ambika m'mfundo, akupota mapesi, ndi mawu a mayi wosaoneka akulongosola mmene umadziwira kuti mphepo yalero ndi yowoletsa nsomba. Aphunzitsi a zakanema anadandaula kuti woonera amafuna maso a munthu, anamupatsa malikisi ongodutsira. Anadutsabe. Aphunzitsi a zamalamulo anaunika zikalata zonse, n'kukhalitsa pa chokhwatchakhwatcha chija chonunkha mafuta a nsomba. Anapempha kuti achijambule, azidzaonetsa ophunzira a chaka choyamba.

Suryeon anati pepalalo lili ndi dzina ndi chidindo cha munthu, ndipo mwini wake sanavomere zimenezo. Ayenera kukafunsa. Loweruka anakweranso basi ija, ulendo wa maola awiri. Mayi Ok anamvetsera, anafunsa kuti ana a chaka choyambawo ndi angati, ndiponso ngati alipo wa ku Pohang. Atayankhidwa, anati ayi, aphunzitsiwo akapeze wawo wowakhwatchira.