Makorali a Lumo Ayera Mbali Imodzi

"Mwandigulitsa zopaka utoto, mayi! Musandiyang'ane ngati mwandiona lero. Zopaka utoto!"

Anali a Lumo, ometa tsitsi a kuseri kwa msika, ataima pakati pa sitolo ya nsomba zoweta, botolo lili m'manja. M'botolomo munali madzi amchere ndi kamwala, ndipo pakamwalapo panamatirira kanthu konga bowa, kofota, koyera mbee. Mwezi wapitawo kanali kofiira psuu.

"Akulu, tsitsani mawu," anatero mayi wa sitoloyo. "Nsomba zanga zabisala kuseri kwa miyala."

"Zibisale! Nazonso zikudziwa zochitika muno."

Dzina lakuti Lumo silinabwere chifukwa cha ntchito yokha. Lilime la bambowa limameta ngakhale pamene palibe tsitsi. Sukulu anaisiya panjira, koma kumeta, kumasula mashini ometera, kuwerenga malamulo a msika kuti azitsutsana ndi oyang'anira, zonsezi anadziphunzitsa okha, ndipo munthu wodziphunzitsa yekha sakhulupirira mphunzitsi aliyense. Za nsomba zinayamba adokotala atawauza kuti magazi akuthamanga, apeze chinthu chowakhazika mtima pansi. Kasitomala wina wosamuka anawasiyira kathanki kagalasi ka malita makumi anayi, ka madzi amchere. Miyezi itatu yoyamba anapha chilichonse chomwe anaikamo, magazi n'kuthamangiratu.

Koma a Lumo sagonjera galasi. Anakhalira pafoni mpaka anamvetsa vuto lawo. Chipinda chomwe amametera chili kumapeto kwa kanjira, zenera lake limodzi, nalonso loyang'anizana ndi khoma la golosale. Nyali ya pathanki ndi kachubu kabuluu kowala mwaulesi. Tsono makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zomwe zimamera pamiyala ngati maluwa, si onse olola mdima. Aja olimba anthambinthambi amafuna kuwala kwamphamvu, ndipo a Lumo anaphunzira kuwadutsa m'sitolo ngati mkazi wamwini. Anasankha ofewa: a bowa, ofiira ndi amizeremizere, ndi timabatani tobiriwira tomwe timatsinzina ukatikhudza. Nsomba ziwiri zokha, zazing'ono ngati chala, nkhono zitatu zonyambita galasi, ndi kankhanu kamodzi kotola zotsala. Mayi wa sitolo atawaonetsa nsomba yaikulu yabuluu, anakana. "Imeneyo imafuna bwalo la mpira, ine ndili ndi beseni." Zaka ziwiri thanki inakhala bwino, makorali a bowa n'kuswana mpaka kudzaza mwala wonse. Makasitomala ankaiwala kudandaula za mzere.

Ndiye kuyera kuja kunayamba.

Woyamba kuganiziridwa anali kankhanu. Anakatsekera m'botolo masiku atatu, makorali n'kumayerabe, ndipo anakabwezera osapepesa. Kenako mchere: anasintha thumba. Kenako makasitomala opopera mafuta onunkhira: anawaletsa, mmodzi anachoka mutu utametedwa theka. Kenako mayi wokolopa kanjira ndi mankhwala ake, amene mpaka lero sapereka moni. Aliyense anakayikiridwa kupatula munthu mmodzi, atelala, omwe agawana nawo chipindacho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atelala ndi amene anawagwira mkono kumanda tsiku lomwe a Lumo ankaika akazi awo. Wonyoza msoko wa atelala ankayenera kuyamba wadutsa pampando wa a Lumo, ndipo anthu ankadziwa kuti si bwino kukangana ndi munthu wogwira lezala.

"Muli ndi chithunzi cha thankiyo?" anafunsa mayi wa sitolo, ataona kuti mkuwo watsikako.

"Mufuna muone maliro anu?"

"Ndione."

Mayiyo anakulitsa chithunzi ndi zala, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Utoto wanga ndi wochenjera ndithu," anatero. "Wasuluka kumanzere kokha. Taonani, akumanjawa ali psuu monga munawagulira. Ndere nazo zamera pagalasi lakumanzere lokha. Makorali awa sanadwale, akulu, apsa ndi kuwala. Olola mdima ukawathira nyali yamphamvu amafota, amayera, kenako amasiya mwala. Kumanzereku kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu. Mashini a telala."

"Ndiye kafunseni atelala anuwo."

"Mayi, dzina limenelo lichotseni pakamwa panu! Munthu ameneyo amaopa ndi kugogoda galasi lomwe."

Anatuluka chitseko n'kuchisiya chikulira. Koma panjira mawu aja anakana kutsalira. M'mawa uliwonse a Lumo amayenda m'makomo kumeta okalamba ndi odwala, kuchipinda amafika masana. Atelala amatsegula sikisi koloko. Maola asanu ndi limodzi amenewo ndani amawaona? Anakumbukira kuti masiku ano kabati ya atelala imakhala yokhoma, chinthu chomwe sichinachitikepo. Anakumbukira buluku lakuda lomwe linabwezedwa litapindidwa ndi ulusi wabuluu, iwo n'kumukalipira mwini wake kuti sadziwa mitundu. Anakumbukiranso kuti tsiku lina atafika anapeza galasi lakumanzere lili lofunda. Anadzitukwana okha chifukwa choganiza zimenezi, koma kuganiza sanasiye.

M'mawa mwake okalamba anadikira chabe. Eyiti koloko a Lumo anali m'kanjira, akuyenda chonyang'ama ngati wakuba pakhomo pawo pomwe. Pansi pa chitseko pankatuluka kuwala koyera komwe sanakuonepo m'chipinda chimenecho. Anakankha.

Nyali yaikulu, ya mtundu uja amakanika amapachika pansi pa galimoto, inali itapanidwa pamlomo wa thanki, pomwe pali soketi yokhayo ya mbali imeneyo. Theka la kuwala linkagwera pamashini osokera, theka lina m'madzi. Nsomba zonse ziwiri zinali zitadzipanikiza pakona yakumanja. Atelala anali atawerama, mphuno pafupifupi kukhudza singano, ulusi ukuphonya bowo kamodzi, kawiri, katatu. Sanamve n'komwe chitseko.

"Achimwene."

Ulusi unagwa. Dzanja la atelala linathamangira kuswichi, koma linaima panjira.

"Mwafulumira lero," anatero.

"Ndinatsekera nkhanu m'ndende chifukwa cha inu. Ndathamangitsa kasitomala ndi theka la mutu. Dzulo ndinatukwana mayi wosalakwa pamaso pa nsomba zake."

"Sindinadziwe kuti kuwala kungaphe chinthu, achimwene. Ndimati mwina zikondwera, muno mdima. Nditaona kuti zayamba kuyera, ndinaopa kunena."

"Osasiya bwanji?"

Atelala anayang'ana diresi lomwe linali pamashini, kenako manja awo.

"Ndikazimitsa, singano sindiiona. Ngakhale inuyo pamene mwaimapo ndikukudziwani ndi mawu. Anthu akamva kuti telala saona, abweretsanso nsalu ndani?"

A Lumo anapita pathanki. Korali wina wa bowa anali atasiya mwala, akuyandama ngati kachigamba. Anamasula nyali ija, inawatentha chala, sanatukwane. Anakoka tebulo lawo la magalasi ndi zipeso, nalikankhira pakati pa thanki ndi mashini, nyali n'kuipana pamenepo, nkhope yake kuloza singano, msana kuloza nsomba. Anazula waya wa mashini awo ometera n'kulowetsa wa nyali. Kenako anatola ulusi pansi, naulowetsa pabowo kamodzi kokha.

Apo m'pamene mawu a Lumo anatuluka, onse pakamodzi, mpaka mayi wokolopa anaimika ndowa m'kanjira.

"Makoraliwa aswananso, ndi ntchito yawo! Koma ine? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikupuma ulusi wanu, inu mukupuma tsitsi langa, lero mukundibisira maso m'kabati ngati ndine kasitomala? Mumati ndikanakalengeza pamsika? Vulani tepiyo m'khosi, tikupita kwa dokotala wa maso tsopano lino, diresilo lidikire. Koma musanadzuke pampandopo mundiyankhe, achimwene, ndipo mundiyang'ane kuno komwe kukuchokera mawu: zinayamba liti, ndipo ndinakulakwirani chiyani kuti ndizimve kwa mayi wogulitsa nsomba?"