Mpata Umodzi wa Amayi

Ndinaganiza zopita ku Lusaka nditangobwerera ku Mchinji ndi satifiketi ya makompyuta m'chikwama, n'kupeza kuti ntchito yokhayo yomwe inkandidikira inali yotaipira anthu makalata pa boma. Mnzanga wa ku koleji anali atanditsina khutu kuti kampani ina ya malole ku Zambia, yomwe boma linali litangogulitsa kwa anthu akunja, ikufuna wodziwa kukonza mapulogalamu. Sindinafunsenso kawiri. Ndinali mtsikana wodzimva, ndipo ndinkaona ngati Mchinji wandichepera.

Ndinawauza amayi ali pakhonde akusenda mtedza. Amayi amenewa, a Nambewe, si amene anandibereka. Ondibereka anali akulu awo, ndipo anamwalira ndisanasunge n'komwe nkhope yawo. A Nambewe ananditenga asanakwatiwe, kundibereka kumbuyo, kunditafunira, kundikwapula ndikalakwa. Yohane ndi Dalitso anabadwa ine nditayamba kale sukulu, n'kundipeza ndine achemwali awo. Pakhomo pathu panalibe yemwe ankati amayi aang'ono. Anali amayi basi.

"Kumeneko ukakadwala akakuphikire phala ndani, Mwatitha?" anandifunsa.

Ndinaseka, n'kuwauza kuti ku Lusaka anthu sadwalira phala. Iwo sanaseke. Anangothira mtedza wosendawo m'kathumba kuti ndikadyere m'njira.

Ndinapeza kachipinda ku Kabwata, kuseri kwa nyumba ya Abiti Saidi, mayi wosoka zovala pamsika amene makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale. M'mawa ndinkakwera minibasi mpaka ku Cairo Road, madzulo n'kubwerera kukachipinda komwe munali ine, matiresi ndi mbaula. Kusungulumwa ndinakudziwira kumeneko. Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndinkachapa zovala zoyera kale kuti dzuwa lipendeke. Mwezi ukatha ndinkapatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata ndalama, shuga ndi sopo, Yohane n'kukalandira pamalire. Makalata anga ankanena za nyumba zosanjikizana ndi mipanda ya ku Kabulonga, ngati kuti ndinkalowamo. Za kulira ndekha sindinalembepo.

Kuofesi ankanditchula ba Malawi, chifukwa cha kalankhulidwe kanga. Zinkandiwawa, ndiye ndinayamba kukonza lilime. Ndinaphunzira kunena "shani" ndi "manje". Ndinayamba kukalukitsa tsitsi kusaluni, lalitali lofika m'mapewa, ndipo ndinkalisamala kuposa mimba yanga. Ndinkafuna aiwale kuti ndinachokera kumudzi.

Ntchito yanga inali yosamala detabesi ya kampani, nkhokwe ya m'kompyuta momwe munali mayina a antchito onse, abale awo, tchuthi chawo ndi thandizo lomwe ankalandira pakagwa maliro. Tsiku lina bwana wathu, ba Mulenga, anandiponyera pepala patebulo.

"Ba Malawi, onani iyi report. Ionesa ati tili na ma-driver bambili kuchila mamotoka. Bazungu bazakamba ati tili na ma-ghost worker. Sakilani problem."

Anyamata a muofesi anali atavutika nalo kale vutoli, loti lipoti lizionetsa madalaivala ambiri kuposa malole. Wina ankati ndi kachilombo ka m'kompyuta, wina ankati makalaliki analemba mayina kawirikawiri. Ine ndinayamba ndi tebulo la antchito, mndandanda wa mayina awo m'kompyutamo, ndipo ndinapeza kuti dzina lililonse lilimo kamodzi. Ndiye kuti mayina ankachulukana panjira. Ndinatsata lamulo la m'kompyuta lomwe linkapanga lipotilo mzere ndi mzere, mpaka pomwe linkalumikiza tebulo la antchito ndi tebulo la abale kuti litenge dzina la mayi wa aliyense. Vuto linali pamenepo. Wolemba pulogalamuyo ankaganiza kuti munthu amakhala ndi mayi mmodzi. Koma anthu atafunsidwa za amayi awo, anatchula onse: owabereka, aang'ono, aakulu. Dalaivala wina, ba Lungu wa ku Petauke, analembetsa amayi atatu, ndiye kompyuta inkamutulutsa katatu.

Masiku ano ndimaphunzitsa achinyamata zomwezi ku Lilongwe, ndipo ndimawauza kuti lipoti likafufuma, ayambe ayang'ana pomwe matebulo akumana. Ndimawauzanso kuti vuto lotere limakonzedwa m'njira ziwiri. Ukhoza kukonza lamulo lako kuti liwerenge munthu kamodzi, n'kuwonjezera danga lonena kuti mayi uyu ndi wotani. Kapena ukhoza kusiya lamulo momwe lilili, n'kudula anthu kuti akwanemo. Njira zonse ziwiri ndinkazidziwa tsiku lija. Zimene sindiwauza ana a sukulu aja n'zakuti ndinasankha iti.

Ndinalowa muofesi ya ba Mulenga ndikuseka. Ndinawaonetsa amayi atatu a ba Lungu, nawonso anaseka mpaka kupukuta misozi, ngakhale kwawo ku Kasama amawerenganso amayi chimodzimodzi. Tonse tinkadziwa, koma tonse tinkafuna kuoneka ngati sitidziwa. Ndinanena kuti nditseka: mpata umodzi wa mayi, umodzi wa bambo, ena onse apite pa mzere wa "achibale ena", omwe alibe tchuthi cha maliro. Ndinawonjezanso changa chomwe palibe anandituma. Mayi akangolembedwa kuti anamwalira, mpatawo uzitsekeka, ndipo aliyense woyesa kuusintha dzina lake lizitsala m'kompyuta. Ba Mulenga anati eni ake a kampani akondwa kwambiri, chifukwa ankadandaula kuti anthu akuda maliro sawathera.

Lamulo latsopano limayesedwa kaye, ndiye ndinaliyesera pa dzina langa. Pa mpata wa mayi ndinalemba dzina la ondibereka, n'kuika kuti anamwalira. A Nambewe ndinawatsitsira pa achibale ena. Lipoti linatuluka bwinobwino, madalaivala anakwanirana ndi malole, ndipo mwezi umenewo anandikwezera malipiro. Ndinadziona ngati mlendo uja amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kumudzi ndinatumiza chitenje chodula ndi kalata yonena kuti ndapulumutsa kampani.

Sipanapite nthawi, ba Lungu anabwera kuofesi yathu atagwira chipewa m'manja. Mmodzi wa amayi awo aja anali atamwalira, ndipo ku ofesi ya antchito anali atawauza kuti kompyuta yakana.

"Ba sister, nithandizeni. Aba ndiye bananilela. Bonibala sinibaziba na kubaziba."

Ndinawayankha m'Chinyanja changa chatsopano, maso ali pa kompyuta. "Computer siziba kulela, ba Lungu. Iziba chabe kubala."

Anyamata anaseka. Ba Lungu anavala chipewa chawo n'kutuluka. Madzulo ndinawafotokozera Abiti Saidi ngati nthabwala, koma iwo anangoimitsa makina osokera n'kundiyang'ana. "Iwe, si unaniuza kuti unaleledwa na amai bang'ono?" Ndinati zimenezo n'zina, n'kukalowa m'kachipinda kanga.

Foni ya Yohane inandipeza kuofesi m'mawa, nyengo yokolola. Ankaimbira pa telefoni yolipira ya pa boma, mawu akudukaduka. Amayi anali atagwa kumunda dzulo lake, ndipo anatsirizika asanafike nawo kuchipatala. "Achemwali, nyamukani lero. Anthu akufunsa za inu."

Sindikumbuka mmene ndinakwerera masitepe kupita ku ofesi ya antchito. Ba Mutinta, mayi wofatsa yemwe ankalemba za tchuthi, anandikhazika pansi n'kundipatsa madzi. Kenako anatsegula dzina langa, ndipo nkhope yawo inasintha. Anatembenuzira kompyutayo kwa ine kuti ndione ndekha.

"Mwana wanga, apa paonesa ati amai banu banafa kudala. Aba ba Nambewe bali pa ma-others. Ningachite bwanji? Yakana."

Ndinali ndi mawu achinsinsi otsegulira detabesi yonse. Kusintha mzere umenewo sikukanandidyera nthawi yomwera kapu ya tiyi. Koma dzina langa likanatsala pamenepo, m'msampha womwe ndinatchera ndekha, ndipo sabata imeneyo kunkabwera anthu a eni kampani kudzafufuza mabuku. Ndinapita kwa ba Mulenga. Anandipepesa ndithu, koma anati sangandisiye ndipite pomwe alendo akufuna kuona pulogalamu yanga yomwe ija, komanso akandilola ine atakaniza ba Lungu, madalaivala aimitsa malole. "Yembekezani chabe weekend. Ni ba aunty banu, ayi?"

Pamenepo m'pamene pali manyazi anga enieni. Sindinakuwe kuti ndi amayi anga. Sindinatenge chikwama n'kutuluka. Ndinaganiza za chiphaso changa chogwirira ntchito m'dziko la eni, za malipiro okwera aja, za kubwerera ku Mchinji kukataipa makalata. Ndinagwedeza mutu n'kubwerera pampando wanga. Tsiku lomwe ankaika amayi m'manda, ine ndinali nditavala jekete, ndikuonetsa alendo mmene lamulo langa limatsekera anthu achinyengo. Mmodzi anandigwira chanza n'kunena kuti ndine wanzeru.

Sabata itatha ndinali pachipata cha kampani ndi kachikwama, kufuna kukakwera basi. Lole ina inaima pambali panga. Anali ba Lungu, akupita ndi katundu ku Chipata.

"Kwelani, ba sister. Namvela ati amai banu bamwalila. Pepani maningi."

Ndikanakonda akanandinyoza. Ulendo wonse wa mapiri a ku Luangwa ndinkadikira kuti andibwezere mawu anga aja, koma iwo ankangonena za mabuleki ndi mtengo wa feteleza. Pa mlatho anandigulira nsomba youma kuti ndisakafike pamaliro chimanjamanja. Ndinailandira ndi manja awiri.

Ndinafika kwathu mawa lake dzuwa lili pamutu. Ndinkayembekeza kupeza pakhomo patazizira, anthu atabalalika, masamba a maliro atachotsedwa panjira. Ndinali nditakonza kale bodza la basi yowonongeka. Koma pabwalo panali anthu. Azimayi anali m'nyumba ya siwa pamphasa, amalume anali pansi pa mtengo wa mango, ndipo phulusa la moto wa maliro linali lisanasesedwe. Dalitso atandiona anathamanga n'kudzandigwera m'manja, kulira kunayambiranso ngati mtembo udakali m'nyumba.

Atandiperekeza kumanda n'kubwerako, ndinazindikira chinthu chomwe poyamba sindinachione. Palibe yemwe anali atameta. Kwathu maliro akaikidwa, abale amameta mitu n'kusesa pabwalo, kuti olira amasuke abwerere kuminda ndi kumakomo kwawo. Zimachitika msanga. Koma Yohane tsitsi linali pomwepo, Dalitso chimodzimodzi, amalume chimodzimodzi. Chimanga chinali chikudikira kumunda, ena anachokera kutali, koma onse anali atangokhala.

Amalume anandiitana, ndinagwada patsogolo pawo. "Tinawaika chifukwa thupi silidikira," anatero. "Koma kumeta sitikanayamba. Lumo limayambira pa mwana woyamba. Ena ankati tiyambe ndi Yohane, ine ndinakana. Malemu akanatifunsa kuti mwana wanga wamkulu mwamusiya kuti."

Anandiyalira mphasa pakati pa bwalo. Azakhali ena anabwera ndi sizasi ndi lumo, anagwira malukidwe anga a ku Kabwata aja n'kufunsa ngati angadule. Ndinangoweramitsa mutu. Zingwe za tsitsi zinayamba kugwera pa chitenje chomwe anandifunditsa, ndipo ndinachizindikira. Chinali chija ndinatumiza mwezi womwe anandikwezera malipiro. Dalitso anati amayi ankachivala kutchalitchi kokha, n'kumauza aliyense kuti wagula ndi mwana wawo wa ku Lusaka.

Ku Lusaka ndinabwererako kamodzi kokha, kukatenga matiresi ndi kutsanzikana ndi Abiti Saidi. Ndisanapereke kalata yosiya ntchito ndinalemba mmene angachotsere lamulo lija n'kukonza lipoti m'njira inayo. Ngati anachita, sindikudziwa. Koma zimenezo zinabwera pambuyo, ndipo si zomwe zimandidzutsa.

Chomwe chimandidzutsa ndi Yohane. Anali atakhala pambali panga pamphasa paja, kudikira kuti lumo lichoke pamutu panga lipite pa wake. Analibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Ankandimvera chisoni, poganiza kuti ndagwa m'manja mwa mabwana ouma mtima. Anandisendera pafupi n'kundifunsa chapansipansi, kuti amalume asamve.

"Koma achemwali, anthu a kuntchito kwanuwo ndi otani? Kodi simunawauze kuti amwalira ndi amayi anu?"

Lumo linali likuyenda pamutu panga, ndipo azakhali anandiuza kuti ndisagwedezeke.