Galimoto Imene Ndinaifunditsa Mikeka

Ndinaipha ineyo? Lemba bwino iwe, amalume akowo amve. Popita ku Joni anabwera nayo kuno kwa Chiwalo galimoto yawo ija yoyendera petulo ndi magetsi omwe, yongokwawa mwakachetechete mpaka kutsala pang'ono kundipondera nkhuku. Anangoti, “Amayi, mundisungire.” Basi.

Ife kwathu kusunga chinthu ndi kusachigwira. Ndinaifunditsa mikeka, makiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Aphunzitsi aja a pamishoni ankabwera, akuti, “Agogo, tiziiliza n'kumaiyendetsako, batire lake lalikulu lakumbuyolo limafa likangokhala.” Ndinawabweza. Mwini wake sanandiuze zimenezo, ndiye ndikanapereka bwanji chinthu cha mwana wanga kwa munthu wobwera?

Dzinja linatha, chilimwe chinatha. Amalume akowo atabwera, galimoto osalira, zii! Makaniko akuti batire lafa, kuno silipezeka. Mwana womubereka ndekha n'kundikalipira pamaso pa mkazi wake, akuti ndine mbuli! Mpaka lero sanapondenso pano.

Uwauze adzachotse chitsulo chawocho, nkhuku zikuikira pansi pake, ndipo adzandipepese ndikadali moyo. Walemba? Tumiza pompano, usachotsepo mawu.