Chikhatho cha Che Saidi pa Ekizozi

Fungo la dzira lowola likangondidutsa pamphuno, ndimabwerera kuseri kwa nyumba ya ku Mayfair, ku Joni, komwe tinkapanikizana mabanja asanu, pakati pa zingwe zoyanikira zovala ndi matayala akutha, ndipo ndimamva chifuwa cha agogo Che Saidi chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Sanali agogo anga enieni. Anali mkulu wa ku Machinga wa chipinda choyandikana nafe, yemwe mapapo ake anathera mumgodi, tsono ankakonza magalimoto a anthu pabwalo.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anagula galimoto kwa munthu yemwe ankaoneka kuti akufuna kungoitaya. Tinadzamva pambuyo pake kuti inkakoka ngolo ya maliro kuchokera ku Joni kupita kumudzi. Pachitunda inkafooka ngati yanyamula anthu khumi, chonsecho tili atatu, ndipo fungo lija linkachokera pansi pa mipando. Ine ndikakhala kumbuyo mutu unkalemera, maso n'kutsekeka okha. Tsiku lina tikuchokera ku Randburg, amayi anachita kundiomba mbama kuti ndidzuke. Ndinawauza kuti pambali panga panakhala mayi wofunda nsalu yoyera. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamuonadi.

"Sanatsike onse," amayi anatero. "Akufuna Amina wanguyu."

Bambo anayamba kufukiza lubani m'galimoto m'mawa uliwonse, ndipo tinkayenda mawindo ali chitsekere, pakuti pamaloboti a ku Joni wotsegula windo amatsala wopanda foni. Lubani anabisa fungo, koma tulo tanga tinkangokulirakulira.

Agogo anaimva nkhaniyi kudzera pakhoma, poti khoma lathu silinkasunga chinsinsi. Anatuluka dzuwa lili paliwombo n'kuuza bambo kuti alize injini. Boneti sanaikhudze n'komwe. Anagwada kumbuyo, n'kuika chikhatho pakamwa pa ekizozi, maso ali chitsinzinire, kwa nthawi yaitali moti ndinachita mantha. Mpweya unkangotuluka mwapang'onopang'ono.

"Ikupuma ngati ine," anatero.

Anakwawira pansi pake n'kugogoda chitini china chapapaipi ndi mpini wa hamala. M'katimo munachita phokoso ngati la timafupa touma. Amayi anandikokera kumbuyo kwawo.

"Katalitiki yatsekeka iyi, bambo a Amina. Utsi ukasowa njira umadzipangira yake. Waphulitsa polumikizira paipi, ukukwera pakabowo ka pansi pa mpando wa mwana. Kumgodi anthu ankagona chonchi. Ena sitinawadzutse."

Bambo anakhala pa tayala. Mawa lake anabwera ndi katalitiki ina ya kusikirapu, kogulitsa zida za magalimoto akutha. Agogo anamasula mabawuti adzimbiri, akupumulira pa bawuti iliyonse, n'kumanga inayo, kenako anadula yakale ija kuti tione. Zam'kati, zonga zisa za njuchi, zinali zitasungunuka n'kuuma kukhala chibuma chakuda.

Ndinawafunsa za mayi wa nsalu yoyera uja.

"Ine ndakonza za utsi basi, mdzukulu wanga. Enawo si ntchito yanga."

"Nanga yanu ya m'chifuwayo simungasinthe?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Yangayi kusikirapu kulibe."

Chaka chotsatira chifuwa chinawatenga. Anali atanena kale kuti akagone ku Machinga, ndiye anzawo a kumzikiti anabwereka ngolo, ndipo galimoto yathu ndiyo inawakokera kwawo. Bambo atabwerera anati inakwera zitunda zonse osafooka. Zinazo ananena motsitsa mawu, akuyesa kuti sindikumva: pobwerera, ali okhaokha, ankamva wina akupuma molira pampando wanga, ndipo sanatembenuke mpaka pageti la kunyumba kwathu.

Lero ndili ndi galimoto yanga. M'mawa ndimaika chikhatho pa ekizozi, aneba n'kumandiseka, ndipo windo sinditseka lonse ngakhale pamaloboti. Mwana wanga akagona kumbuyo mtima umandiwawa kumusokoneza, koma ndimamuitana dzina mpaka andiyankhe.