Mlamu Wanga wa pa Machila

Mng'ono wanga anakwatiwa nkhondo ya Ajeremani isanabuke, ine ndili kale pabanja, mwana mmodzi kumbuyo. Tinkakhala kwa Maseya, m'mudzi wa amayi, ndipo amuna anga anali mkamwini monga analiri amuna onse okwatira kwathu. Amene anafunsira mng'ono wangayo anali mwana wa kutsidya kwa dambo lathu lomweli, woti tinkamuona akuingitsa mbalame m'munda wa mapira, mamina ali chuchuchu. Anachoka ali mnyamata, nakakhalitsa ku tauni ya Port Herald, kenako anabwerako akudzitcha kalaliki wa kampani yogula thonje.

Tsiku la ukwati anafika pa machila. Amuna anayi anamunyamula, iye atagona chagada m'nsalumo, chipewa pamimba, miyendo atatulutsa kunja kuti aliyense aone nsapato. Akazi analuluta. Amayi anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Amalume, omwe anali ankhoswe athu, munthu wa imvi, anathamanga kukagwira mtengo wa machilawo kuti mkwati atsike bwino.

Amuna anga anandikodola. Iwo anali atalawirira kumtsinje kukatenga nsomba za ukwatiwo, ndipo pobwerera anamupeza mkwatiyo pa mphambano.

"Amayenda pansi ngati ife tomwe," anandinong'oneza. "Nsapato anazikoleka m'khosi. Anayi awa ndi asodzi, wawapeza pa dooko. Wakwerera pa mlambe paja."

Kuchokera pa mlambewo kufika pakhomo pathu, mwana wokwawa akhoza kufika asanalire.

M'tchalitchi, mphunzitsi anamufunsa m'Chimang'anja ngati akumulola mkaziyu. Iye anati, "Yesi." Mphunzitsi anafunsanso, iye natinso, "Yesi." Kachitatu mphunzitsi anatseka buku n'kungomuyang'ana, mpaka mwamunayo anakumbukira chilankhulo cha amake, nati, "Inde."

Pa chakudya anakana mphasa. Mpando m'mudzi monse unalipo umodzi, wa mphunzitsi yemweyo, ndipo amalume anakaupempha. Mkwatiyo anatulutsa supuni m'thumba la jekete, naipukuta ndi kansalu, nailowetsa mu nsima ya mchewere. Supuniyo inapindika. Anaibweza m'thumba n'kunena kuti sakumva njala. Dzuwa litapendeka, ndikupita kukataya madzi otsukira mbale, ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atanyonyomala, akupsipsintha mutu wa mlamba ndi manja onse awiri. Atandiona anapukuta pakamwa nati, "Alamu, ndimaona ngati chiswe sichinalowe m'nkhokwe muno."

Mawa lake ankhoswe anakhala pansi kukambirana za malo omangapo nyumba. Mlamu wanga anaseka.

"Munthu wogwira cholembera sangakhale mkamwini. Mkazi wanga akupita kunyumba ya njerwa, ya khonde. Akakwera sitima ya pamtunda."

Ndinkayembekeza kuti amalume amudzudzula. Anthu a mudzi uno sitinkapereka mwana wamkazi wamba. Koma amalume anangoyang'ana nsapato zija nati zamveka. Amayi anati mwana wawo wapeza mwayi. Mng'ono wanga anawerama, akumwetulira pansi.

Tinanyamuka kukamuperekeza: amayi, amalume, amuna anga ndi ine. Mwana ndinamusiya ndi achemwali a amayi. Machila aja anali atabwerera kwa mwini wake usiku womwewo, ndipo mlamu wanga anati wawalola onyamula akapumule. Bokosi lake lachitsulo analisenzetsa mkwatibwi. Iye anatsogola ndi ambulera, ife pambuyo ndi mitolo ya ufa, mphasa, miphika iwiri ndi nkhuku.

Inali nyengo ija mphepo imaomba yotentha ngati yochokera m'ng'anjo. Mchenga unkaotcha mapazi. Tsiku loyamba lisanathe, nsapato zinamutupitsa zidendene, nayamba kuyenda ngati bakha, koma sanazivule chifukwa panjira tinkakumana ndi anthu. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni m'Chizungu, ngakhale nkhalamba zopita m'dambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi imene timadya. Tikapempha malo ogona, iye ankafotokoza kuti ife ndife abale a mkazi wake, anthu a kumudzi, eni nyumba atipirire.

Tsiku lachiwiri tinafika pa mtsinje wa madzi ofika m'mawondo. Amayi anakwinya nsalu n'kuwoloka. Mkwatibwi anawoloka ndi bokosi pamutu. Mkwati anaima pagombe, akuyang'ana thalauza lake.

"Akuluakulu," anatero kwa amuna anga, "nsalu iyi siyanjana ndi madzi."

Amuna anga anali munthu wosakonda mapokoso. Anatula katundu kutsidya, nabwerera, nawerama. Mlamu wanga anakwera kumsana, ambulera ali chitambasulire. Ndinaima m'madzimo ndikuona bambo wa mwana wanga atabereka ndevu zinzake. Ndinayang'ana mng'ono wanga kuti mwina achita manyazi. Iye anati, "Akulu, thalauzalo n'lodula."

Sindinamulankhule mpaka madzulo.

Pafupi ndi Chiromo tinakumana ndi njanji. Amayi anali asanaonepo, ndipo anagwada n'kukhudza chitsulocho, chinawaotcha chala. Amalume anafunsa pokwerera. Mlamu wanga anati sitima ya sabata imeneyo yadzaza ndi thonje la kampani yake, ndipo iye mwini ndiye analamula kuti anthu asakwere. Tinayenda m'mbali mwa njanjiyo masiku ena awiri. Sitima itatipitirira, anthu anali mbwee m'mazenera, ena akudya nzimbe. Iye anavula chipewa n'kuchikupiza ngati akutsanzika mnzake. Palibe anamuyankha kupatula utsi.

Ku Port Herald tinalowa masana. Tinadutsa nyumba za njerwa zingapo, amayi akufunsa pa iliyonse ngati ndi imeneyi. Tinadutsa sitolo za Amwenye. Tinafika pa nyumba yaikulu yamalata yosungiramo thonje, ndipo iye anatizungulitsa kuseri. Kumeneko kunali kachisakasa ka bango kotsamira khoma. Njerwa zinalipo ndithu, za khoma la kampani. Khonde linali thumba loyala pa mitengo iwiri. M'katimo munali mphasa yong'ambika, botolo loikamo kandulo, ndi kalilole wosweka.

Tisanatule katundu, mzungu wina anaitana kuchokera kutsogolo. Sanatchule dzina, anangokuwa. Mlamu wanga anaponya ambulera, navula chipewa, navula nsapato, nathamanga. Sindinamuonepo akufulumira chotero ulendo wonsewo. Ndinasuzumira pakona. Anali ataima pa sikelo, akukokera mabelo a thonje ndi mbedza, kalaliki weniweni atakhala pa tebulo akulemba. Cholembera chimene mlamu wanga ankagwira chinali burashi yopakira chizindikiro pa matumba.

Mayi wina wa Chisena, woyandikana naye, anatibweretsera madzi akumwa. Anamuyang'ana mng'ono wanga kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa ngati ndi ameneyu mwana wa mfumu uja akhala akumumva. Kumeneko mlamu wanga anawauza kuti akukakwatira mwana wa mfumu ya Amagololo, mtundu wolamulira dera lathu. Bambo athu anali osema mipini.

Ndinamukokera pambali mng'ono wanga.

"Tiye tibwerere. Palibe akuseke. Munda wako ulipo."

"Ndibwerere kukalima?" anatero. "Inu akulu mwazolowera. Awa adzakwezedwa."

Anali atayamba kale kusesa m'kachisakasamo.

Pobwerera, amalume anati za kuseri kuja zisamveke kumudzi. Amayi sanafunikire kuuzidwa. Tisanafike n'komwe pakhomo anali atayamba kuuza anthu za njerwa ndi za sitima, ndipo pofika nthawi ya dzinja nyumbayo inali itamera zipinda zinayi m'kamwa mwawo. Ine ndinanena zoona ku chitsime. Akazi anzanga anati ndi nsanje, poti amuna anga amangodziwa khasu ndi mono.

Ndinene chilungamo: anakwezedwadi. Nkhondo itatenga anthu ambiri kukanyamula katundu, kalaliki uja anapita nawo, ndipo mlamu wanga anakhala pa tebulo. Sizinamuwonjezere nzeru. Amayi atamwalira, awiriwo anafika maliro ataikidwa kale. Mng'ono wanga anaima pakhomo la nyumba imene anabadwiramo, nafunsa ngati madzi a mumtsuko ndi owiritsa. Ana ake anawaletsa kusewera ndi anga, kuti angawapatse mphere.

Kampani itatseka nyumba ya thonje ija, anabwera kudzakhala kwa Maseya, pa munda umene amuna anga anaswa mphanje. Mng'ono wanga anagwira khasu, nalima mpaka msana unapindika. Mwamuna wake ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuyambira m'mawa, akuitana ana opita kusukulu kuti awakonze Chizungu, ndipo anawo anaphunzira kudzera njira ina. Bamboyo atamwalira, pa maliro ake ine ndinatunga madzi ndi kuphikira anthu obwera, monga ayenera kuchitira mlamu. Akazi atayamba kulira m'nyumba, ndinakhala nawo pang'ono, kenako ndinatuluka kukaona ngati nyemba zapsa.