Thirakitala Yomwe Inadya Ng'ombe za Amayi

Ndikamva fungo la oyilo wotentha, ndimaona goli lopachikidwa pakhola lopanda kanthu kwathu ku Matandani, ndipo mtima umandiwawabe. M'kholamo munkagona Mawanga ndi Sakhwi, ng'ombe zapagoli zomwe amayi anasiyiridwa ndi malume awo. Chaka chimene matipate anangoyamba, aliyense akuimba za kusintha, abambo anazigulitsa amayi atapita kumaliro. Anati kulima ndi ng'ombe kunatha ndi boma lakale.

Anabwera kuchokera ku Zalewa atakhala pamwamba pa thirakitala yofiira yosuluka, yakale kuposa iwo eni, ikufuka ngati ng'anjo ya njerwa. Wogulitsayo anawanyengerera kuti iyi ndi ya mabwana, posintha liwiro sulimbana ndi kilatchi, mphamvu ya injini imafika kumateyala kudzera mu oyilo wozungulira m'kati. Abambo ankabwereza mawu amenewa kwa aliyense wodutsa, ngati anaipanga okha. Ine Esinala, mwana wamkazi woyamba, ndinkatunga madzi oitsukira m'malo mothirira ndiwo kudimba. Amayi sanaikhudze n'chala chomwe.

Mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira, inswa zikuuluka, anzathu onse ali m'munda, chinthucho chinangoti kakasi. Batire linali litafa. Mbewu inali m'nkhokwe, munda wosagaula, ndipo kwathu kumapiri ukachedwa kubzala umadziwa kuti Febuluwale adzakupeza ukudya gaga. Abambo sanade nkhawa. Kodi matola akakana kulira sitimangowakankhira kumtsetse? Anaitana amuna a m'mudzi, nawonso anabwera mokondwa, poti mtsetse ku Neno sitisowa.

Chimene wogulitsa uja anabisa, ndipo ndinachimva ndili wamkulu, n'chakuti thirakitala yoyendera oyilo siilira pokankha. Mateyala angathamange bwanji, sangazungulitse injini. Amuna aja anakankha akuimba, ife ana tikuthamangira pambuyo, ndipo inayamba kutsika mwakachetechete, ikunka niwonjeza liwiro. Abambo analowetsa giya, osamveka kanthu. Anaponda mabuleki, mabuleki anangolira. Anadumphira m'tchire, iyo n'kupyola dimba la amayi, kuphwanya kabichi ndi mbatatesi, mpaka kukazika mphuno m'matope a m'khwawa. Agogo ena aamuna anangopukusa mutu n'kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zingwe za anthu zinalephera. Mawa lake abambo, opanda manyazi, anakabwereka ng'ombe kwa a Kalonga a tsidya lina, omwe anagula zathu zija. Zinabwera zitaonda, Sakhwi ali ndi bala la chikwapu pamsana. Anazimangirira kuthirakitala, anazimenya, anakuwa, koma zinangoima zikunjenjemera m'matope. Pamenepo abambo anatembenukira kwa amayi, omwe anali kutola kabichi wophwanyika.

"Amake Esinala, taziitanani, inu zimakumverani."

Ndinkafuna amayi akane, ndinkafuna chitsulocho chiwolere momwemo. Koma chikwapu chinakweranso m'mwamba, ndipo amayi anaponya kabichi pansi, anakaima kumtunda, n'kuitana motsitsa mawu monga ankachitira m'mawa uliwonse: "Mawanga, Sakhwi, tiyeni ananga." Ng'ombe zinatukula makutu. Zinakoka mpaka maondo kugwada, zikulunjika kwa iwo, thirakitala n'kuzuka m'matope. Amuna anaomba m'manja, ena mpaka kugwira abambo chanza. Sakhwi ananyambita dzanja la amayi, kenako a Kalonga anazikusa n'kubwerera nazo kwawo.

Munda tinaulima ndi makasu, ine, amayi ndi ang'ono anga, mochedwa, manja akutuluka matuza, abambo ali pamsewu kusaka batire. Analipeza chimanga cha anzathu chili m'chiuno. Thirakitala inalira ndithu, koma m'minda yathu yotsetsereka inkangobuula oyilo akatentha, ndipo ntchito yake yaikulu inakhala kunyamula anthu opita kumisonkhano ya zipani. Njala ya chaka chimenecho inatitengera mng'ono wanga wotsiriza kuchipatala, miyendo itatupa, ndipo anachira mwa chisomo chabe.

Anthu amati ndikhululuke, abambo ankafuna chitukuko. Mwina. Wogulitsa uja ndinamuiwala, mbava ndi mbava. Chimene sindinakhululuke n'chakuti abambo anadziwa bwino lomwe kuti ng'ombezo zimamvera mawu a yani, koma pozigulitsa sanawafunse mawuwo. Goli lija amayi anakana kuti lichotsedwe, ndipo linakhala pakhola mpaka chiswe chinalimaliza.