Kabati ya Ndudu ya a Lazalo

Pa pulazi ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Shamva, kunja kwa Harare, panalibe chitseko, benchi kapena bokosi la maliro lomwe silinadutse m'manja mwa a Lazalo Kachigamba. Anabadwira pomwepo, mukomboni, m'nyumba za antchito zija zondandana kuseri kwa mabalani a fodya. Bambo awo anachoka ku Ntcheu pa lole ya ulere ali mnyamata, ati akasake ndalama ya njinga abwerere. Njingayo sinagulidwe, ndipo Ntcheuyo a Lazalo ankangoimva m'nyimbo za paukwati. Chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Mlendo wanji wa zaka makumi asanu ndi awiri pamalo amodzi, amene anakhoma yekha denga lililonse la pamalopo?

M'chilimwe ankapala matabwa, nthawi ya fodya n'kulowa m'mabalani ndi m'shedi yosankhira masamba. Utsi wa zaka makumi anayi unawapha mphuno. Akazi awo, mayi Domingas a ku Tete, ankawaseka kuti nyemba zikhoza kupserera pambali pawo iwo akuimba mluzu. Mayiwo atamwalira, a Lazalo anawakhomera bokosi la mlombwa, n'kuwaika kumanda a antchito, pansi pa misuku kutsidya kwa damu. Matabwa asanu ndi limodzi amene anatsala anawakweza kudenga kuti akhale a bokosi lawo, ndipo pambali pa manda a akazi awo anaika miyala inayi kusunga malo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni, n'kusiya kuyankha foni. Choncho chuma chawo chonse chinali chimenechi: matabwa kudenga ndi miyala inayi kumanda.

Mzungu mwini pulaziyo atachoka, pulazi inagawidwa zidutswa, ndipo chidutswa cha nyumba yaikulu ndi komboni chinadutsa m'manja angapo mpaka chinafika kwa a Collen, munthu wa mabizinesi ku Harare amene ankabwera Lachisanu n'kubwerera Lolemba. Sanali munthu wankhanza ayi, ankapereka moni bwinobwino. Kungoti akayang'ana komboni ankaona munda wa mapeyala. Analengeza kuti anthu akakolola, aliyense wopanda ntchito pa pulazipo achoke, nyumba zigwetsedwa. Amene anali ndi kwawo anayamba kumanga katundu. A Lazalo kwawo kunali komweko. Msewu sankauopa kwenikweni. Chimene ankaopa n'chakuti adzaikidwa kutali ndi a Domingas, pakati pa anthu osawadziwa.

Tsiku lina Netsai, mtsikana wophika ku nyumba yaikulu, anabwera kudzawaitana. A Lazalo anapeza a Collen pakhonde, foni ili m'manja, ndipo bwanayo anawaonetsa chithunzi cha kabati yaitali kuposa munthu, ya chitseko chagalasi, mashelefu a timipata, pansi pake mbale ya madzi, pakhomo kawotchi koyeza chinyezi. Inali yosungiramo ndudu zonenepa zija zopichira ndi tsamba lokhalokha, zochokera kutsidya kwa nyanja. A Collen anayamba kufotokoza kuti nduduzo zikauma zimasweka, zikanyowa zimachita nkhungu, koma a Lazalo anali atamva kale. Kodi si iwo ankatsegula nthunzi m'shedi kuti tsamba lifewe lisanasankhidwe? Mumtima anaseka: munthu ali pakati pa minda ya fodya, koma fodya wake akukamugula kunja ndi ndege.

"Sekuru, mukandipangira iyi ikatuluka bwino, inu simuchoka," anatero a Collen, Chichewa chawo chotolera kwa antchito chikusakanikirana ndi chilankhulo cha kwawo, mmene agogo amati sekuru. "Ndikusiyirani imba yanu, nyumba yanuyo, muzikhala kalipentala wa pano."

Anawapatsanso mtolo wa timatabwa topyapyala tofiirira, togula ku Joni pa mtengo woti osanena, toyala mkati mwa kabati. Lamulo linali limodzi, ndipo analibwereza katatu: mkati musapakemo vanishi, musapakemo penti, nkhuniyo ipume. Za kunja anagula paini. A Lazalo anautembenuza painiyo, n'kuona mfundo zokhazokha, wina wopindika kale. Anadziwa kuti chinyezi chikaulowa, chitseko sichidzatsekekanso. Ndipo kabati yosatseka inali chimodzimodzi ndi msewu.

Masana omwewo anakwera pampando n'kutsitsa matabwa awo a mlombwa. Anawapukuta fumbi mmodzimmodzi, mtima ukuwawa. Kenako anapita kutsidya kwa damu kukauza a Domingas, monga ankachitira ndi nkhani iliyonse, kuti bokosi alipereka kuti agule malo. Bola kudzagona mumphasa koma pambali pawo. Kumanda sikuchokera yankho, ndiye anangoti avomera.

Ntchito anaigwirira m'shedi yakale ya mathalakitala, milungu isanu ndi iwiri. Magetsi munalibe, ndipo makina sankawafuna. Sowo, tchizulo ndi chopalira cha malemu bambo awo, basi. Ngodya zonse analumikiza ndi mano olowana, opanda msomali ngakhale umodzi. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, koma zala zinkaona. Chitseko anachipala masiku anayi, pang'onopang'ono, mpaka akachikankha chinkatseka ndi kampweya ngati munthu wausa moyo. Ankapanikiza pepala pampata uliwonse n'kulikoka, likatuluka, ankayambiranso. Mlombwa utalandira mafuta ake kunja unafiira, mizere yake n'kuonekera, moti anthu a mukomboni ankabwera kudzangoima pakhomo. Kunena zoona, chinthu chokongola chotere sichinapangidwepo pa pulazi imeneyo, ngakhale nthawi ya mzungu.

Vuto linabwera ndi timatabwa ta ku Joni tija. A Lazalo atakanikiza chikhadabo, chinaboola ngati chinangwa chophika. Nkhuni yofewa chonchi, n'kuiikanso m'chinyezi, m'dziko la chiswe! Pa pulazi aliyense amadziwa chochita ndi nkhuni yotere, ndipo bambo awo anawaphunzitsa asanamere ndevu: oyilo wakuda wotsala mu thalakitala, kusakaniza ndi palafini, kupaka kawiri. Mizati ya mabalani yopakidwa chonchi inaima zaka makumi asanu. Anaganiza kuti bwana analetsa vanishi ndi penti, ndipo analetsa mkati. Uyu sanali vanishi, ndipo iwo apaka kumsana kokha, kumene kukagona pa mlombwa, diso silidzafikako. Anapaka kalikonse mosamala, kuyanika padzuwa, kupukuta, n'kupakanso. Sanachite mwaulesi kapena mwachinyengo. Anachita chifukwa ankafuna kabatiyo idzakhalepo iwo atapita. Koma paja safunsa anadya phula.

Netsai atabwera ndi tiyi anakwinya mphuno, nati muno mukununkha ngati kugalaja. A Lazalo anamuyankha kuti ali m'galaja momwemo, afuna munukhe maluwa? Mtsikanayo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lonyamula panafunika amuna asanu ndi mmodzi. A Collen anaizungulira kabatiyo, kutsegula ndi kutseka chitseko kasanu ngati mwana, kuijambula mbali zonse. Fungo lochepa lomwe linalipo anati ndi la guluu, litha. Anaika mbale ya madzi, n'kutseka milungu iwiri kuti nkhuni imwe, ndipo kawotchi kaja kanakwera n'kuima pomwe ankafuna, osasunthanso. Kenako anayalamo ndudu zawo zonse, zoposa mazana atatu, nauza a Lazalo kuti nyumba yawo isalembedwe. Sabata imeneyo nyumba za mukomboni zinapakidwa mtanda wofiira, kupatula imodzi. A Lazalo anapita kukalimira manda, n'kuwongola miyala yawo inayi. Anagona tulo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, ataiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Chitseko chija chinkatsekadi bwino. Chinatsekera chinyezi mkati, n'kutsekeranso china chilichonse chimene nkhuni inali itamwa.

Patatha mwezi, Loweruka masana, ku nyumba yaikulu kunaima magalimoto asanu a alendo. Dzuwa lisanapendeke Netsai anafika mukomboni, nkhope ili gwa, nati akufunidwa. A Lazalo atafika anapeza alendo atatuluka pakapinga, ena akulavula, ena akubisa kuseka. A Collen anali okha m'chipinda, kabati ili yotsegula. Anatenga ndudu imodzi n'kuwapatsa.

"Nunkhizani, sekuru. Chii ichi, n'chiyani chimenechi?"

A Lazalo anaiika pamphuno, n'kukoka mpweya ndi mphamvu zawo zonse. Sanamve kanthu. Anangoona kuti tsamba ndi lofewa bwino, losasweka, ndipo anatsala pang'ono kunena kuti ili bwino.

"Yonse ikununkha dizilo. Munaikamo chiyani?"

"Mkati sindinapake kanthu, bwana, monga munanenera. Kumsana kokha, oyilo ndi palafini. Imeneyi chiswe sichidzaiyandikira mpaka adzukulu anu."

Anayankha ndi kunyada, ndipo n'chimene chimapweteka kwambiri pa nkhani yonseyi. A Collen sanakalipe. Anakhala pampando, n'kugwira mutu, kenako n'kuseka kuseka kwa munthu wotopa. Apa m'pamene a Lazalo anamvetsa chimene chachitika. Anapempha kuti achotse timatabwato, apale mkati, ayambirenso. A Collen anagogoda mlombwa ndi chala nati fungolo lalowa mpaka umu, silidzachokanso. Anawonjezera kuti iwo analonjeza za kabati yotuluka bwino, ndipo kabati ya mtundu umenewo sakuiona. Aichotse m'nyumba mwawo lero lomwe, apite nayo kumene akufuna, ndipo kumapeto kwa mwezi nyumba ikhale yopanda munthu.

Anaibweretsa mukomboni pa ngolo ya thalakitala. Choimirira sinakwane, denga linali lalifupi, choncho anaigoneka chagada pakati pa nyumba. Itagona, aliyense amene anaiona anangoona bokosi la maliro, chifukwa matabwa aja anali atabwerera ku ntchito yomwe anawasungira. A Lazalo anachotsa mashelefu ndi mbale ya madzi, n'kuyeza ndi tepi yawo kuchokera kumutu kufika kumapazi. Inawakwana, n'kutsalako malo a chipewa.

Mawa lake mtanda wofiira unafika pa chitseko chawo. Sanapitenso kukapempha nyumba. Anangotuma Netsai ndi funso limodzi: akadzafera kwina, kodi bwana adzalola kuti awabweretse pambali pa akazi awo? Yankho linatenga masiku atatu. Netsai analibweretsa atayang'ana pansi. Manda akalewo sawakhudza, awatchingira ndi waya kuti mapeyala asafikeko, koma atsopano ayi, pa pulazi sipaikidwanso munthu. Mtsikanayo analira ponena zimenezi, ndipo a Lazalo ndi amene anamutonthoza.

Tsiku lomaliza la mwezi anapita kutsidya kwa damu m'mawa. Mizati ya waya inali itazikidwa kale, yakuda, yopakidwa oyilo yemweyo. Nkhani iyi yokha sanadziwe poiyambira kuwauza a Domingas. Pochoka anatola miyala inayi ija n'kuiwunjika pamanda a a Domingas, kuti isamangosunga malo a munthu wosabwera.

Anansi otsala anawathandiza kunyamula kabati mpaka kumsewu. Mkati munali bulangete, mapoto awiri ndi zida zawo, zonse zikuoneka pagalasi. Malole a ku Shamva ankadutsa, ena kuchepetsa liwiro kuti aone chodabwitsacho, koma a Lazalo sanakweze dzanja. Netsai anathawa ntchito pang'ono kudzawatsanzika, atawamangira buledi m'pepala.

"Nanga sekuru, mupita nayo kupi?"

A Lazalo anapukuta fumbi pagalasi ndi mkono wa jekete.

"Bokosi ndili nalo, mwanawe, loposa la bwana aliyense. Ngakhale chiswe sichidzaligwira. Chasowa ndi dothi."

Netsai anabwerera kukaphika. Atatembenuka pageti, anawaona atakhala pamwamba pa kabatiyo, chipewa pamaondo, osayang'ana ku Shamva kapena ku Harare.